Disiki yachiwiri ya a Gibson

A Gibson, kapitawo wa pa macheka kuseri kwa phiri la Dedza, anali kale ndi machenjezo awiri m'kompyuta ya kampani. Lina linalowa Lachisanu, atawapeza akuliza mkonono pa matabwa, fungo la kachasu likufika mpaka ku geti. Pakampanipo machenjezo akakwana atatu ntchito yatha, nyumba ya kampani n'kutulukamo. Komiti inali yoti ikhale Lachinayi.

Kompyutayo musaiyese kaja ka pa desiki ayi. Chinali chibokosi chakuda ngati firiji, madisiki asanu ndi imodzi m'mimba mwake. Ankachiyendetsa Jesinta wa ku Lobi, amene a Gibson kwa zaka zinayi ankamutcha Kadzidzi pamaso pa anthu chifukwa cha magalasi ake.

Lolemba m'mawa a Gibson anamupeza Jesinta, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, kodi dzina langa lili pa disiki iti?"

"Ii, lero Kadzidzi wasanduka achemwali?"

"Zija zinali zocheza."

"Palibe disiki yanu, bambo. Makinawa bongo wake ndi madisiki onse amaziona ngati chipinda chimodzi. Chimene ndikugwiritsa ntchito amachikokera pafupi, ndikachisiya amachikankhira kumbuyo, malo amasankha okha. Inuyo anakuduladulani, mutu uku, mwendo uko. Zili ngati nyemba za alimi khumi m'thumba limodzi. Ngakhale ine sindingaloze."

A Gibson anatuluka akung'ung'udza. Zaka makumi awiri akusanja matabwa, thabwa lililonse pa mulu wake, ndiye kamtsikana kawanamize lero? Anakumbukira kabati yakale ya mafayilo, momwe mayina a G ankakhala m'dilowa yachiwiri. Basi, disiki yachiwiri. Anadziyamikira nzeru mpaka kugona tulo tabwino.

Lachiwiri masana anthu atapita ku tchipisi, mkulu uja analowa ndi sikuludiraiva, n'kuzula disikiyo ngati dzino. Anakaiponya m'dzenje la utuchi lomwe limafuka chaka chonse. Mlonda, a Rafaelo, ankangowayang'ana akusenda mbatata yawo.

Chibokosi chija chinangoti zii. Sichinaiwale G yekha. Maoda a matabwa, zaka za mitengo ya paini, mayina a antchito, zonse zinapita pamodzi, poti chilichonse chinali ndi chidutswa pa disiki ija. Malole anaima pa geti masiku awiri, madalaivala akutukwana.

Disiki ina itabwera kuchokera ku Lilongwe, Jesinta anabwezeretsa zonse kuchokera pa tepi yomwe amakopera Lachisanu lililonse madzulo. Kenaka anawaitana a Gibson, nawatembenuzira sikirini. Machenjezo atatu, ali ndondondo.

"Mukudziwa, bambo, Lolemba masana abwana anakumverani chisoni chifukwa cha ana anu asanu aja. Anati ndifufute lomalizali. Ndinafufuta ndithu. Koma tepi ndi ya Lachisanu, ndiye labwerera. Ndipo a Rafaelo ali kwa abwana pompano."

A Gibson anagwira tebulo. "Bwanji sunandiuze, mwanawe?"

"Munandifunsa za disiki. Za abwana simunafunse."

Komiti sinathe ngakhale mphindi khumi. Loweruka, chifunga cha Juni chili phwii, a Gibson anakweza mphasa ndi ana pa ngolo yobwereka kulowera ku Mayani, akazi awo akuyenda kutsogolo osacheuka.