Yunifolomu Yatsopano

Bwana wamkulu anawasonkhanitsa antchito onse m'nyumba yosungiramo katundu, n'kukwera pabokosi kuti aoneke bwino. Pakamwa pake panali poterera ngati sopo. Akuti kampani "ikudzikonzanso". Akuti "ikupepukitsa thupi kuti ithamange". Kuchotsa munthu ntchito? Iyayi, mawu oipa amenewo! Kungoti maudindo ena "afika pamapeto a ulendo wawo". Ndipo poti tonse ndife banja limodzi, kukubwera yunifolomu yatsopano.

Anthu anaomba m'manja. Nawonso bambo a mapasa, amene msana wawo unapindikira momwemo ndi kunyamula makatoni, anaomba. Akanatani? M'mawa womwewo anali atauza akazi awo kuti, "Musade nkhawa, mayi, ine sangandikhudze. Ndine wakalekale."

Masana kunabwera telala, tepi ili m'khosi. Anthu anandanda pamzere, uku akunyozana mimba.

"Iwe, pamenepo tepi sikwana, akabwereke chingwe!"

Koma bambo a mapasa anaona kanthu, ndipo kuseka kunawathera. Telala asanayeze munthu, ankayamba wayang'ana kapitawo. Kapitawo akagwedeza mutu, tepi inkazungulira m'chiuno. Akayang'ana kudenga, telala ankangoti, "Inu tidzakuyezani ulendo wina," n'kupita kwa wotsatira.

Ulendo wina wake uti? Anawadumpha mayi osesa m'maofesi. Anamudumphanso mlonda wa pageti, iye n'kumangomwetulira, osadziwa kuti wagwa nayo. Nkhanza zake! Anthu ophunzira, a mataye awo, kulephera kumuuza munthu pamaso, mpaka kutuma telala.

Nthawi yawo itakwana, bambo a mapasa anatambasula manja asanauzidwe n'komwe. Kapitawo, mwana wadzulodzulo amene iwo omwe anamuphunzitsa kusanja katundu, anakweza maso kudenga ngati kukudontha.

"Inu tidzaku..." anayamba telala.

"Achimwene, ndiyezeni," anatero bambo a mapasa chapansipansi, manja ali chitambasulire. "Anzangawa akuona. Ndiyezeni chabe."

Telala anatambasula tepi yake. Sanayang'anenso kapitawo. Anawayeza mapewa, chifuwa, mikono, n'kugwada pansi kuyeza miyendo, mosamala kuposa mmene anachitira ndi ena onse. Bambo a mapasa anakweza chibwano, manyazi akuwatentha mpaka m'makutu.

"Basi, bambo, tamaliza," anatero telala, akudzuka. "Muli ndi thupi labwino."

"Zikomo."

Iwo anaimabe pomwepo, kudikira kuti aone dzanja la telala likulemba. Telala anapinda tepi yake, pensulo ili chikhalire kukhutu, n'kuitana wotsatira.