Shawelo ya Sungani

Alefa anali atagwada pambali pa sutikesi, akupinda tizovala ta Sungani, pamene mwamuna wake Wyson analowa kuchokera ku munda wa tiyi, atanyoweratu ndi chiperoni.

"Mayi Dainess akuti lole ibwera Loweruka," anatero Wyson, akukoleka dengu pamsomali. "Zonse zipite. Ku Blantyre kulibe amene akutidziwa."

Mayi Dainess anali mtsogoleri wa amayi a Mvano. Mwezi umenewo ankayenda nyumba ndi nyumba m'malayini a esiteti, kutolera zovala ndi ziwiya zakale zoti zikagulitsidwe motchipa kutauni, ndalama zake zithandize ana amasiye. Alefa anali ndi zambiri zopereka, koma si kuti anali wolemera ayi. Sungani, mwana wake yekhayo, anamwalira ndi chikuku chaka chathacho asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo katundu wake anangotsala phwii m'sutikesimo: matewera, tizipewa, kabeseni, ndi shawelo yachikasu imene Alefa analuka yekha ali ndi pakati.

Kuseri kwa khoma kunamveka kulira kwa khanda, kulira kosasa mawu. Anali mwana wa Emma, mlongo wa mnansi wawo. Emma anathawa nkhondo ku Mozambique, nawoloka mtsinje wa Muloza ali wodwala pakati, ndipo anachirira m'kakhitchini ka mchimwene wake. Khandalo ankalifunditsa chitenje chimodzi chokha, pamwamba n'kuikapo chiguduli.

"Mukumumva mwanayo?" anafunsa Alefa. "Shaweloyi ikwere lole mpaka ku Blantyre, kumusiya uyu wa pakhomo pompano?"

"Ndikumumva, sindine gonthi. Koma waiwala za mkazi wa Hudson?"

Alefa sanaiwale. M'malayini monse munalibe amene anaiwala. Mkazi wa Hudson anapatsa mwana wa mnzake kachipewa ka mwana wake womwalira. Patapita milungu, mwana uja anadwala malungo n'kutsikira kuli chete, ndipo anthu anati mayiyo wachita kupatsira imfa kuti asalire yekha. Anamusala kumpopi, anamusala kumaliro, mpaka banja lonse linasamukira ku Thuchila.

"Mwana ameneyu akutsokomola kale," anapitiriza Wyson motsitsa mawu. "Akangoti wapita, adzaloza iwe. Iwowo ndi alendo, ndi khadi la chipani lomwe alibe, zikavuta adzawoloka mtsinje. Ifeyo tidzalowera kuti? Nyumba ino ndi ya kampani."

Wyson sanali munthu wouma mtima, anali ndi mantha basi. Ndipo Alefa naye mantha omwewo anali nawo.

Loweruka Mayi Dainess anafika ndi thumba lawo lalikulu. Anatenga matewera, tizipewa ndi kabeseni, akuyamikira chilichonse.

"Iii, ana a ku Blantyre atchena chaka chino, ngati ana a bwana DC! Nanga shawelo yachikasu ija, yotisowetsa mtendere kutchalitchi ija?"

"Imeneyo ndiyambe ndaganiza, mayi."

Mayi Dainess anamuyang'ana, nayang'ananso kakhitchini ka mnansi kaja.

"Mwana wanga, chopita kutali sichibwera ndi milandu. Ndakuuza ine," anatero, namanga thumba lawo.

Lole itachoka, Alefa anaika shaweloyo m'kati mwa chitenje n'kuzungulira kuseri. Anapeza Emma atakhala pafupi ndi moto wofuka utsi wokhawokha, khanda atalipanikiza pachifuwa. Tizala ta khandalo tinali titachita kutuwa ndi kuzizira.

"Achemwali, ndabwera ndi ichi," anatero Alefa. "Koma ndisakubisireni. Mwini wake anamwalira. Anamwalirira momwemu, ndili chimufukatire. Mukakana sindikhumudwa."

Emma anaigwira shaweloyo, naisisita.

"Uyu ndi wachiwiri," anatero m'Chichewa chake chosakanikirana ndi Chilomwe. "Woyamba anandifera kumsana tili m'thengo, tikuthawa. Sanavale cha womwalira aliyense. Anafa ndi mphepo, amayi. Ndinamukwirira ndi masamba."

Anachotsa chiguduli chija n'kumukulunga mwanayo m'shawelo. Alefa anatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu, pakuti kamutu kotuluka m'chikasumo kanali ngati ka Sungani.

Wyson atamva sanakalipe. Anangokhala pampando, manja ali kumutu, ndipo chakudya sanachikhudze.

M'mawa mwake Alefa anapita kumpopi. Amayi anali pamzere ndi ndowa zawo, akuseka za kapitawo wina. Kenaka kuseka kunaduka. Emma ankabwera poteropo, mwana ali kumsana, shawelo yachikasu ikuonekera patali. Panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene sankaidziwa.

"Kodi imeneyi si ya malemu Sungani?" anafunsa mayi wina wachikulire, maso ali pa Alefa. "Wakupatsa ndani, iwe mlendo?"

Alefa anatsegula pakamwa kuti avomere, koma Emma anamudula.

"Palibe wandipatsa. Ndinachita kupempha ndekha," anatero mokweza, kuti wakumapeto kwa mzere amve. "Amayiwa anakana, anandiuza kuti mwini wake anamwalira. Ine ndinakakamira mpaka kugwada. Chilichonse chidzachitike, mudzafunse ine."

Linali bodza, ndipo Alefa anadziwa chifukwa chake. Mkazi wopanda nyumba, wopanda dziko, anali atasenza yekha mlandu umene Alefayo ankauopa.

Amayi aja anayang'anizana. Mmodzi anasuntha ndowa yake, madzi anayambanso kutungidwa. Mwana anatsokomola kumsana kuja, ndipo onse anamva.

Alefa anasiya ndowa yake pamzere, napita kwa Emma.

"Mutsitseni ndimunyamule ine," anatero. "Chipatala cha esiteti atsegula kale. Tiyeni limodzi."

Anamubereka mwanayo m'shawelo ya Sungani, mfundo anamanga pachifuwa monga ankachitira kale, ndipo anadutsa pamaso pa mzere wonse osaweramitsa mutu.