Zipi ya Siketi ya Apongozi

"Musadule kaye, bambo a Kezia!" anakuwa Isabella, koma sizasi inali italuma kale.

Mwamuna wake Gordon anakweza zipi ija m'mwamba monyadira. "Nayo, yafupika. Munthu wodulira mitengo ya khofi ngati ine ndingalephere kansalu aka?"

Nkhanitu inali ya siketi yakuda ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Mawa lake Isabella amakavekedwa yunifolomu kutchalitchi ku Nchenachena, kumpoto kwa Atumbuka, ndipo apongozi ake, aNyaGondwe, anali atamupatsa siketi yawoyawo, imene anayamba kuivala Gordon akadali kumsana. Kwa mtengwa wochokera kutali ku Ntcheu, imeneyi sinali mphatso yamasewera. Ndiye tsoka ilo, pongoiyesa m'mawa uja zipi inangoti phwaa! Isabella anagwidwa mantha. Apongozi akamva, sakanena kuti mtengwa wangolandira n'kuphulitsa? Gordon anathamangira kugolosale, n'kubwerako ndi zipi yaitali ngati ya chikwama, poti ina kunalibe.

Tsono pofuna kuonetsa luso lake, mkuluyo anakokera kamutu ka zipi kumunsi. Iii, potsekera paja anali atapadula! Kamutu kanathothoka, kuuluka kudutsa pakhomo, n'kukagwera m'nyemba zimene anayanika pabwalo.

"Mwaona changu chanucho? Kuthamanga si kufika!"

"Mtima m'malo, mayi. Sikanapite ku Joni, kali pompano."

Onse awiri anagwada pamphasa n'kuyamba kupalasa nyemba ngati nkhuku.

"Odi kuno! Mwayamba mapemphero osandiitana?"

Anali aNyaGondwe, phava la nthochi lili pamutu. Isabella analakalaka nthaka itang'ambika. Koma poti anali chigwadire, anangokwawira pafupi nawo, maso ali pansi.

"Amama, ndikhululukireni. Ndaononga siketi yanu. Zipi yandiphulikira."

Mayiwo anatula nthochi zija, n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Zipi imeneyo? Inafa kalekale, mwana wane! Ine ndimangobaya phini, bulauzi n'kubisa manyazi. Dzulo ndinaiwala kukuuza, n'chifukwa chake ndabwera." Anamasula pamfundo ya chitenje chawo, n'kuonetsa phini wamkulu wadzimbiri.

Isabella anakhala pansi phwata, kuseka misozi ili mbwembwembwe. Mantha onse aja, kani anali a zii!

"Ndakapeza!" anafuula Gordon, kamutu kali m'manja.

"Patsa mwini wake," anatero amayi ake. "Iwe zako n'za kumunda."

Isabella anakoleka kamutu pamano a foloko, Gordon atagwira chogwirira, n'kulowetsa mbali ziwiri za zipi pang'onopang'ono mpaka mano analumana. Kenako anatenga singano ndi ulusi wakuda, n'kuzunguliza ulusiwo mobwerezabwereza kumunsi kwa zipi kuti kamutu kaziima pamenepo.

"Umu ndi mmene amachitira, bambo a Kezia. Kusoka potsekera kaye, kudula pambuyo."

"Inetu ndimakuyesani chabe," anatero Gordon.

"Watiyesa chomene, taona. Katole nyemba wamwazazo," anayankha aNyaGondwe.

Dzuwa lisanapendeke Isabella anali atasokerera zipi pasiketi. Analowa kuchipinda, n'kutuluka atavala. Zipi inali itakwera bwinobwino mpaka m'chiuno, osadodoma. ANyaGondwe anamuzungulira, kukoka apa, kusalaza apo, kenako anaima n'kumuyang'ana.

"Siketi iyi ndimati ndidzaikidwa nayo m'manda, poti mwana wamkazi Chiuta sanandipatse," anatero motsitsa mawu. "Kani anangomuchedwetsa panjira. Mawa pamaso pa mpingo wonse, duku ndikumanga ndine."

Isabella anawayandikira. Anagwada, siketi yakudayo ikukhudza fumbi, n'kugwira dzanja la mayiwo ndi manja ake onse awiri.

"Yewo, amama."