Mbale Zoyanika pa Mphasa

A Pearson Chimphepo, mphunzitsi wopuma wochokera ku Ntchisi yemwe anakhazikika ku Mzimba, anali ndi galamafoni yopukusa ndi mbale zinayi. Anawasiyira namwino wina wa ku Scotland pochoka ku Embangweni kalekale. Mbale zinayizo zinali nyimbo imodzi yaitali yopanda mawu, yojambulidwa mu 1929, ndipo oimba ake anali atatu basi: mayi wa piyano, bambo wa vayolini, ndi wina wonenepa wa chelo, chivayolini chachikulu chija choimika pansi. Mayina awo palibe ankatha kuwatchula.

Kwa zaka makumi atatu ankamvera mbalezi Loweruka masana ndi anzawo awiri, aliyense atadzisankhira chida chake. A Pearson anatenga piyano, malemu a Malizani vayolini, ndipo a Zondwayo Jere, woweta ng'ombe wa ku Edingeni, anatenga chelo. A Pearson ankawaseka kuti asankha cholira ngati ng'ombe yoitana mwana wake. A Zondwayo sankatsutsa. Ankangodikira mbale yachitatu, pamene piyano imatsitsa mawu n'kusiyira wonenepa uja bwalo, basi n'kutsinzina.

Mu Febuluwale uthenga unafika woti a Zondwayo achipatala awabweza kumudzi, ndipo apempha chinthu chimodzi chokha, kumva mbale yachitatu. Tsoka sasimba, sabata yomweyo denga linadontha n'kunyowetsa bokosi la mbale. A Pearson atapita kokafunsa za galimoto, akazi awo a Linily anachita zimene munthu wanzeru aliyense amachita ndi chinthu chonyowa. Anayala mphasa pabwalo, uku ufa, uku mbale, dzuwa likuswa mtengo. Pobwera a Pearson anapeza mbale zitapindika ngati chikopa chouma. Mtima unawawawa koopsa, koma sanakalipe, poti mayiwo anali atayamba kale kulira.

Mwana wawo Towera, yemwe ndi namwino, anati nkhani yake ndi yaing'ono. Anaipeza nyimboyo pa foni, yoimbidwa ndi ena a masiku ano, yomveka bwino popanda phokoso. A Pearson anavomera, koma galamafoni anainyamulabe.

Ku Edingeni anapeza a Zondwayo atagona pa khonde, atangotsala mafupa okhaokha. Towera anawaikira foni pafupi ndi khutu. Odwalawo anamvera pang'ono n'kupukusa mutu.

"Yewo chomene, mama, koma awa ndi alendo. Ndapota, ndiikireni wanga uja."

A Pearson anapukusa galamafoni n'kusanjika kamwala pamwamba pa singano kuti isalumphe. Mbale inayamba kuzungulira uku ikukwera ndi kutsika. Piyano inamveka, modzandira ndithu koma inamveka. Pofika pamene chelo imalowa, singano inalumpha n'kukatera kutsogolo, wonenepa uja atamaliza kale. Anayesa katatu, zomwezo. A Zondwayo anali chiyang'anire kudenga, akudikirabe, ndipo a Pearson anachita mantha kuti mnzawo apita ali chidikirire.

Kachinayi, piyano itatsitsa mawu, a Pearson ananyamula singano. Anakonza kukhosi n'kuyamba kung'ung'udza okha mbali ya chelo, yomwe anaiseka zaka zonsezi. Anadabwa kuti akuidziwa yonse, ngakhale pamene wonenepa uja ankapumira. Manyazi anawagwira pamaso pa mwana wawo ndi akazi a mnzawo, choncho anaithamangitsa kuti ithe msanga.

Atamaliza, a Zondwayo anatembenuza mutu.

"Aphunzitsi, mwathamanga chomene. Ng'ombe sithamanga poitana mwana wake. Bwerezani."

A Pearson anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Anabwereza pang'onopang'ono mpaka a Zondwayo anatsinzina monga ankachitira Loweruka.