Nambala Ili ku Makwasa

Msonkho wa anthu a bizinesi uli ndi khalidwe lake. Boma silidikira kuti chaka chithe lione zimene mwapeza. Limati muyerekeze nokha phindu lanu, muzilipira miyezi itatu iliyonse, zotsala mudzakambirana kumapeto. Malemu a Philip ankati imeneyi ndi ntchito ya alosi, koma ankaigwira bwino kuposa akalaliki a m'maofesi. Ankangoyenda m'minda ya tiyi, kuona zigawo zimene adulira chaka chimenecho ndi zimene zayamba kuphukira, n'kubwera kunyumba akudziwa kale kuti lole inyamula masamba ochuluka bwanji.

Loleyo inali ya anthu awiri, a Philip ndi akazi awo, Mayi Teleza. Inkanyamula masamba a tiyi kuchokera pa masikelo a alimi kupita ku fakitale ya pa esiteti. A Philip anamwalira mu Ogasiti, atalipira msonkho wa Julayi pa foni ali chigonere m'chipatala. Wa Okutobala unagwera mayi okha.

Tsiku lomaliza kulipira linali Loweruka, pa 25. Lolemba m'mawa ofesi ya pa esiteti inali kutseka kulandira mapepala a ofuna kunyamula tiyi nyengo yamvula, ndipo pepala loyamba limene ankafuna linali umboni wakuti msonkho uli m'malo. Eni malole ena atatu anali akuimezera mate kontirakiti imeneyo chimwalirireni a Philip. Lole yopanda kontirakiti ku Thyolo imangokhala pabwalo, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake.

Mayi Teleza sanali munthu wotekeseka. Minda anaiyenda okha sabata yonse, masamu anachita, ndipo malipiro a Seputembala analowa m'akaunti Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa anakhala pa sikelo mpaka lole inanyamuka. Za banki sanade nazo nkhawa, poti msonkho a Philip ankalipira pa foni. Masana anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kunyumba kwawo, mbali ya ku Goliati, navala magalasi, natsegula kope limene a Philip analembamo njira yonse ndi zilembo zikuluzikulu ngati akulembera mwana wa sitandade wani.

Zonse zinayenda bwino. Analowa m'akaunti, analemba nambala yolipirira msonkho, analemba ndalama, anawerenga kawiri, nadina. Pamenepo foni inati: tatumiza nambala yachinsinsi ku foni yothera ndi 47, ilembeni apa.

Anadikira. Anaipukuta foni pa chitenje, naikwezanso m'mwamba. Panapita mphindi zingapo asanakumbuke kuti nambala yawo imathera ndi 12. Yothera ndi 47 inali ya a Philip, ndipo foni ya a Philip inali ku Makwasa.

A Philip anali mkamwini, anamanga kwawo kwa mkazi. Pa tsiku lakusudzula, abale awo anabwera kudzamasula mayiyu pa ukwati ndi kutenga zinthu za m'bale wawo monga mwa mwambo: zovala, nsapato, wailesi ndi foni. Mpaka pamenepo zonse zinali mwaulemu. Koma a Goodson, akulu ake a malemu, anafunsanso makiyi a lole. Mayi Teleza analowa m'nyumba, natuluka ndi mapepala a galimoto okhala ndi mayina awiri. A Goodson anawaona mapepalawo nthawi yaitali, kenaka ananena pagulu kuti, "Ndiye kuti munakonzeratu zonse mwamuna wanu akupumabe?" Mawu amenewo anawabaya Mayi Teleza kuposa maliro enieniwo. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanapatsanenso moni.

Anaimba pa 47, foni inali yozima. Anaimbira ku banki, ndipo mtsikana wa mawu okoma anawauza kuti kusintha nambala n'kosavuta, angobwera Lolemba ndi chiphaso ndi kalata ya imfa, pakatha masiku atatu zikhala zatheka. Anathokoza mtsikanayo, poti sanalakwe kanthu. Kenaka anasintha chitenje, naika kope m'chikwama, naitana wa njinga yamoto.

Kuchokera pa boma la Thyolo anakwera minibasi. Dzuwa la Okutobala linali kuswa mtengo. Tiyi anali atafiirira m'mphepete mwa msewu podikira mvula, ndipo m'zigawo zodulira munali timitengo tokhatokha. Njira yonse Mayi Teleza ankakonza mawu oti akanene, koma aliwonse amene anapeza anali ngati akukapepesa, pamene wolakwiridwa anali iwo.

Anafika cha m'ma fili koloko. A Salome, akazi a a Goodson, anawaona ali patali, nathamanga kukawalandira chikwama. A Goodson anali pakhonde, atavala malaya oyera ndi tayi, nsapato atavula. Anapatsana moni wonse bwinobwino, wa ana, wa kumudzi, wa matenda, popeza mkwiyo suletsa munthu wamkulu kufunsa za kunyumba.

Kenaka mayi anafotokoza chimene abwerera, mwachidule, osakweza maso.

"Foni ilipo," anatero a Goodson. "Ili m'nyumbamu. Koma lero ndi Sabata."

Mayi Teleza anangoti kukamwa yasa. Iwo anali Akatolika, ndipo m'mutu mwawo Loweruka linali tsiku la msika. Anaiwaliratu kuti a Goodson ndi mkulu wa mpingo wopembedza Loweruka, munthu amene zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukapitawo pa esiteti sanaponde m'munda wa tiyi tsiku limeneli, ngakhale mamanijala atawaopseza kangati.

"Alamu, ndi nambala chabe. Mungoiyatsa, ine ndiwerenga ndekha."

"Nambala ya ndalama," anatero a Goodson modekha. "Dzuwa likalowa, tiyatsa. Boma litseka nthawi yanji?"

"Pakati pa usiku."

"Ndiye nthawi ilipo. Khalani."

Mtima wa Mayi Teleza unawira. Anaganiza kuti bamboyu wapeza njira yopatulika yowakhaulitsira. Koma atayang'ana ku khitchini anaona kuti moto sunakolezedwe chiyambire m'mawa. A Salome anabweretsa chinangwa chophika dzulo ndi thobwa lozizira, chakudya chimene iwonso anadya masana. Panalibe chinyengo apa. Munthu uyu anali wouma mutu kwa aliyense mofanana, kuyambira mimba yake yomwe.

Choncho anakhala. A Salome anayesa nkhani ya mitengo ya feteleza, amuna awo anatsokomola, nkhani inathera pomwepo. Nkhuku zinadutsa. Mthunzi wa bulugamu unayamba kutalika pabwalo. Kukhala chete ndi munthu amene munayambana naye n'kotopetsa kuposa kulima, ndipo amene anayamba kutopa anali a Goodson.

"Ndamva kuti chaka chino adulira chigawo cha kumtunda kwa damu."

"Adulira chonse," anayankha mayi. "Koma za tiyi si malonda kodi, pa Sabata?"

"Tchire la tiyi analenga ndi Mulungu. Kulikamba si malonda."

A Salome anaseka mpaka kubisa nkhope m'chitenje. Mayi Teleza anayesa kuumitsa milomo koma zinakanika.

"Kumtundako musayembekezereko kanthu mpaka Febuluwale," anapitiriza a Goodson. "Koma cha kumunsi, chimene anadulira chaka chatha, chikangolawa mvula chidzakutopetsani."

"Ndinachiyendera Lachitatu. Nthambi zadzaza, pamwamba pake pothyolapo masamba m'posalala ngati tebulo. Ndachiwerengera kuti chibweza zimene kumtunda kwatilanda, n'kupitirirako pang'ono."

A Goodson anatembenuka, nawayang'ana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. "Munayenda nokha? Wapansi?"

"Nanga akanandiyendera ndani?"

Bamboyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Philip ndinamuphunzitsa ine zimenezo. Anabwera pa esiteti ali ndi zaka sikisitini, asakudziwa kusiyanitsa tsamba lothyola ndi lokhwima. Sindinkadziwa kuti naye anaphunzitsa munthu."

"Ankakutchulani nthawi zonse tikamayenda m'minda," anatero mayi. Zinali zoona, ndipo anadabwa kuti zatuluka mosavuta chonchi.

Dzuwa litabisala kuseri kwa phiri, Mayi Teleza anayamba kutsegula chikwama. A Goodson anakweza dzanja. "Limenelo ndi phiri, si kulowa kwa dzuwa. Kwatsala mphindi twente." Anadikira mphindi twente zonsezo, bamboyo akuyang'ana wotchi. Kenaka banja linaimba nyimbo imodzi, a Goodson napemphera, natchula dzina la Mayi Teleza ndi ana awo mmodzimmodzi. Atati ameni anadzuka, nalowa m'nyumba.

Anatuluka ndi foni yokulungidwa m'kampango koyera. Inali yomweyo, ya galasi long'aluka pakona, imene a Philip ankaisiya paliponse n'kumaifuna m'nyumba monse. A Goodson anaiyatsa. Batire linali lodzaza.

Netiweki pamalopo imapezeka pa chulu cha kuseri kwa khitchini basi, ndiye anthu akuluakulu awiriwa anakwera pachulupo, aliyense ndi foni yake ndi magalasi ake. Mayi anayambiranso njira yonse, kope lili m'khwapa. Atadina, foni ya m'manja mwa a Goodson inalira.

"Werengani msanga alamu, imafa pakatha mphindi ziwiri."

"Musandithamangitse, ndingalakwitse. Seveni. Thuu. Nayini." Anaima, nakonza magalasi. "Nayini winanso. Ziro. Foo."

Kachizindikiro kanazungulira pagalasi kwa nthawi imene inaoneka ngati chaka. Kenaka panatuluka mawu akuti ndalama zalipidwa, ndi nambala ya lisiti pansi pake. Mayi Teleza anaikopera m'kope mosamala, napuma mpweya waukulu. Lolemba anali ndi pepala lokaonetsa.

Pomwepo foni ya a Philip inaliranso. A Goodson anaiyang'ana mwachizolowezi. "Ndi a banki. Akuti zatuluka, ndipo akunena zotsala."

Mayi Teleza anaima chilili. Miyezi yonseyi ankatapa ndalama pa kauntala n'kulandira kapepala, osaganizako kuti pali foni ina imene imalira kwina.

"Mauthenga onse amabwera kuno?"

"Onse."

"Ndiye mwakhala mukuona chilichonse cha m'thumba mwanga."

"Ndakhala ndikuona," anavomera a Goodson. "Dizilo. Matayala awiri. Malipiro a dalaivala, osachedwa ndi tsiku limodzi lomwe. Ndi za amayi. Philip anauza banki kuti izitumiza kwa amayi athu pa mwezi. Titakusudzulani ndinawauza amayi kuti aiwale zimenezo, mkazi uja si wathunso. Mwezi utatha foni inalira, ndalama zapita. Mwezi winawo zinapita zoonjezera."

"Mankhwala awo a shuga anakwera mtengo," anatero mayi. "Ndinapita kukawauza a banki aonjezere. Munandisudzula kwa Philip, koma amayi aja anandisambitsira ana anga onse atatu."

A Goodson anayang'ana pansi. "Ndinalankhula zoipa tsiku lija, alamu, pamaso pa anthu. Ndakhala ndi manyazi miyezi iwiri. Kawiri konse ndinafika pa siteji ya minibasi kuti ndibwere kwanu, n'kubwerera."

Mayi Teleza ankaganiza kuti tsiku limene adzamve mawu amenewa adzasangalala, koma anangomva chisoni, cha iwo eni ndi cha bambo wokalambayu amene anaima pachulu wopanda nsapato.

A Goodson anatembenuza foni, nayamba kukanganula chivundikiro ndi chikhadabo kuti atulutse kakhadi ka nambala. "Kakhadika n'kanu. Ndi ka bizinesi, sikanayenera kubwera kuno." Chivundikiro chinkakana. "Ndimaikamo mayunitsi pang'ono mwezi uliwonse, kuti angaitseke nambalayi n'kuipereka kwa munthu wachilendo. Ikalira ndimadziwa ndithu kuti ndi banki. Koma kakanthawi kochepa, ndisanaiyang'ane, ndimati Philip walandira malipiro, ali pa ntchito."

Mayi Teleza anawagwira dzanja. Ankadziwa bwino lomwe kuti chanzeru n'kutenga kakhadiko, kukaika m'foni yawo, nkhani n'kutha. Munthu aliyense wa ku banki akanawauza zomwezo.

"Isiyeni mmene ilili," anatero. "Msonkho wina ndi wa Januwale, pa 25."

A Goodson anawayang'ana, kenaka anayamba kuwerenga masiku pa zala, milomo ikugwedera. "Likhala Lamulungu limenelo. Musadzavutike ndi minibasi. Ndidzabwera nayo ndine, m'mamawa."

"M'mamawa mudzandipeza ndili ku Misa. Ndipo ikatha Misa tili ndi msonkhano wa amayi."

"Umatha nthawi yanji?"

"Umatha ukatha, alamu. Mudzadikira."

"Ndidzadikira," anatero a Goodson, nayamba kuikulunganso foni ija m'kampango kake.