Evaristo Sanamalize Buku

Evaristo Pardo ankagwira ntchito pafakitale ya ndudu ku Pinar del Río, koma sanakulungepo ndudu ngakhale imodzi. Yake inali yokhala pampando wautali kutsogolo kwa holo, n'kumawerengera anzake mokweza iwo manja ali pa fodya: m'mawa nyuzi, masana buku la nthano. Bukulo ankasankha ndi okulunga nduduwo, pokweza manja, ndipo ndi iwo okha amene akanatha kuliimitsa. Evaristo ankanyadira kuti chiyambireni sanamusiyitsepo buku lili pakati.

Mawu ake anayamba kusasa nyengo ya mvula. Anthu a m'holomo, amene sankasowa mankhwala a matenda a mnzawo, anamubweretsera uchi, mandimu ndi mowa wa ramu. Iye ankameza zonse mosasankha, makamaka ramuyo. Mvula inatha, kusasa osatha.

Dokotala anamugwira lilime ndi kansalu, nalowetsa kagalasi kukhosi, namuuza kuti anene "iii". Anasuzumira nthawi yaitali ndithu.

"Uchi wanuwo sufikako komwe kuli vuto," anatero dokotala, namugwiritsa chala pakhosi pamene pamatukuka. "Apa ndi pakholingo. Tamezani. Mwamva likukwera? Likakwera, kachitseko kake kamatseka kuti chakudya chisalowe njira ya mpweya, ndiye uchi umangodutsa kumbuyo, ulendo wa m'mimba. M'katimu muli timinofu tiwiri. Mpweya ukamadutsa timanjenjemera, mawu n'kutuluka. Kakumanzere kamera chotupa, ndipo si chabwino."

"Ndizingonong'ona, adokotala, kuti tipume."

"Kunong'ona sikupumitsa kanthu. Ichi chikufuna opaleshoni. Tikachedwa sitichotsa kamnofu kokha ayi, tichotsa kholingo lonse, muzipumira pabowo la pakhosi."

"Nanga mawu?"

"Tikafulumira atsalako okwanira kuitanitsa khofi. Owerengera holo yonse, iwalani."

Evaristo anafunsa ngati opaleshoniyo ingadikire kuti buku lithe. Dokotala anafunsa kuti latsala lalikulu bwanji. Evaristo anaonetsa ndi zala ziwiri, dokotala anapukusa mutu.

Evaristo anabwerera pampando wake. Bukulo linali la mtsikana wina amene bwenzi lake linapita panyanja osamvekanso, ndipo anali asanafike ndi pakati pomwe. Mantha anali nawo, koma kusiya buku panjira kunkamuopsa kuposa bowo la pakhosi. Sanauze munthu aliyense kupatula mkazi wake, ndipo kuuza mkazi wake kunali kuuza Hortensia, mng'ono wa mkaziyo, amene ankakulunga ndudu pamzere woyamba. Hortensia yemweyu ndi amene anachita makani kuti bukulo lisankhidwe, ndipo mutu uliwonse ankaulirira mpaka kunyowetsa fodya.

Masana ena Evaristo akulimbana ndi ndime, mawu akutuluka ngati chitseko chadzimbiri, Hortensia anaika mpeni wake patebulo naimirira.

"Anzanga, ine bukuli landikwana. Mtsikana wanji wongolira tsiku lonse? Akwatiwe ndi wina, amuna atha? Tilisiye."

"Latikwanadi," anavomera Celestino, mkulu wa kumzere wa kumbuyo. "Ndiponso mawu anuwo, achimwene, akutiumitsira fodya."

Palibe anaseka. Manja anakwera mzere ndi mzere, mofulumira, eni ake maso ali patebulo.

"Sankhani lina ndiye," anatero Evaristo, mawu akuchita kukakamira.

"Lina ayi, alamu," anayankha Hortensia. "Makutu atopa. Tikufuna kugwira ntchito kuli zii."

Evaristo anatseka buku, natsika pampando pang'onopang'ono. Zinamupweteka koopsa. Zaka zonse zija, lero kutsitsidwa ngati munthu wosadziwa kuwerenga, wotsogolera nkhaniyo n'kukhala mlamu wake. Kunyumba sanadye. M'mawa mwake anavala malaya oyera napita kuchipatala, poti panalibenso chodikirira.

Madokotala anachotsa kamnofu kokha, kholingo linatsala. Dokotala anati akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina, namuletsa kutulutsa mawu ngakhale amodzi mpaka bala lipole.

Hortensia anabwera kudzamuona Lamlungu, atanyamula msuzi wa nkhuku umene Evaristo sakanatha n'kumeza komwe. Evaristo anatembenukira kukhoma. Mayiyo anakhala pamenepo, nanena za mtengo wa nyemba, za bondo la Celestino, za holo imene tsopano munkangomveka mipeni. Evaristo sanacheuke. Hortensia anatola chikwama chake, nafika pakhomo, nabwereranso.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "mnyamata uja abwerako kunyanja? Ine tulo sindikulipeza."

Evaristo anatembenuka, namuyang'ana kanthawi, nazindikira kuti bukulo anamusiyitsa dala kuti apite kuchipatala. Anatsegula pakamwa kuti amuuze, koma Hortensia anamutseka ndi chikhatho chonunkha fodya.

"Ayi, musayankhe. Akuletsani."