Mbewu Yodalitsidwa ya a Gideon

M'nyumba ya a Gideon Sakala, ku Msoro, munatsala debe limodzi lokha la mbewu ya chimanga. Chinali chimanga cha makolo, cholimba maso, chimene anankafumbwe sachiboola msanga. Bambo ake a Gideon ndiwo anawasiyira mtundu umenewu. Kale unkadzaza nkhokwe ziwiri, koma chilala cha 1992 chinaupsereza, ndipo pofika mu Novembala wa 1994 zonse zimene zinapulumuka zinali m'debe limenelo.

Akazi awo, mayi Justina, ankaliyang'ana debelo ndi mtima wolemera. Pa tchalitchi pawo panali mwambo wodalitsa mbewu Lamlungu loyamba la Novembala. A Gideon, amene anali mkulu wa mpingo, anali ndi lamulo limene anatengera kwa bambo awo: mbewu ikadalitsidwa Lamlungu, Lolemba yonse ilowe m'nthaka, osatsala ndi njere imodzi. Chaka cha chilala anachita zomwezo. Chimanga chinamera bwino, kenaka dzuwa linachiwotcha chisanafike m'mawondo, ndipo banja lonse linakhalira ufa wachikasu wa thandizo.

Tsopano mvula inali itawaza Loweruka masana, fumbi n'kugona. Lamlungu mbewu inadalitsidwa. Pobwerera kunyumba, mayi Justina analankhula motsitsa mawu.

"Atate a Purity, bwanji tidikireko pang'ono? Mvula ya dzulo ija sinalowe pansi."

"Amake Purity," anayankha a Gideon, debe lili pa njinga, "mbewu yodalitsidwa siisungidwa. Kuisunga n'kuuza Mulungu kuti sitikumukhulupirira. Mawa sikisi koloko tili kumunda."

Mayi Justina ankadziwa kuti pa nkhani za chikhulupiriro sangawagonjetse amuna awo. Koma masana omwewo anapita kwa a Paskale Mwale, mlangizi wa zaulimi, amene ankaimba besi m'kwaya ya tchalitchi chomwecho, n'kuwapempha kuti m'mawa adutsire kumunda kwawo ngati kuti angopita ndi njira.

M'mawa mwake a Paskale anawapeza m'munda wa m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, makasu ali m'manja.

"Mwadzuka bwanji, akulu a mpingo?"

"Tadzuka, a mlangizi. Mwabwera ndi nkhani zanu za pa wailesi zija? Akuti dziko likutentha!" A Gideon anaseka. "Atiuze ife a m'chigwa muno za kutentha? Kuno nkhuku zinayamba kuyenda choyasama agogo anga asanabadwe."

"Zimenezo n'zoona," anatero a Paskale nawonso akuseka. "Ine tsiku limene ndinafika kuno kuchokera ku Chipata ndinkaganiza kuti ndadwala malungo."

"Ndiye mverani. Dziko lino analenga ndi Mulungu. Anaika nthawi ya mvula ndi nthawi ya dzuwa. Munthu, amene sangathe kulenga ngakhale nyerere, angasunthe bwanji nyengo? Ophunzira anuwo amati tinachokera kwa anyani, lero akuti utsi wa mafakitale ukuthamangitsa mitambo. Mawa anena chiyani?"

A Paskale anatsamiritsa njinga yawo pa chitsa, n'kukhala pa mzere.

"Za anyanizo tidzakambirana tsiku lina, pali mthunzi. Ine ndimaimba nanu limodzi, ndipo ndimakhulupirira kuti dziko lili ndi Mwini wake. Ku koleji anatiwonetsa zithunzi za maiko ena a kumwamba amene amazungulira dzuwa pamodzi ndi lathuli. Kwina n'kwa miyala yokhayokha, kwina n'kotentha kuposa ng'anjo. Mpaka lero sanapezeko mtsinje woyenda, kapena udzu, kapena mbalame."

"Mwaona!" A Gideon anamenya khasu pansi. "Amake Purity, mwamva? Lathu lokha. Analikonzera ife."

"Mwina kutali kwambiri kuli lina, palibe akudziwa," anapitiriza a Paskale. "Koma loti tingasamukireko palibe. Tsono ndikufunseni, akulu. Munthu amene ali ndi mbiya imodzi yokha, amaigwira bwanji?"

A Gideon anayankha kuti, "Ndi manja awiri."

"Nanga pano pamene takhalapa, kale panali chiyani?"

Mayi Justina ndiwo anayankha, chifukwa ankapakumbukira bwino. Pamene ankakwatiwa, gombe lonselo linali la mikuyu ndi misikizi, ndipo pansi pake panali dziwe losaphwa, limene amuna awo ankaweza milamba ngakhale mu Okutobala. Tsopano amayi ankafukula mchenga mpaka m'chiuno kuti apeze madzi akumwa.

"Mitengoyo anagwetsa ndi Mulungu?" anafunsa a Paskale mofatsa.

A Gideon anayang'ana chitsa chimene panatsamira njinga. "Tinagwetsa tokha. Tinkafuna malo a thonje."

"Ngati nkhwangwa za mudzi umodzi zinaphwetsa dziwe, sindingadabwe kuti utsi wa maiko onse ungasokoneze mvula. Akatswiri akadafufuzabe kukula kwake, ndipo sindikunamizani kuti ndikudziwa zonse. Koma lero simukufunika kukhulupirira wailesi. Funsani munda wanu. Tandibwerekani khasu."

A Paskale anakumba kadzenje. Pamwamba dothi linali lakuda ndi lonyowa, koma atangopitirira zala ziwiri, linatuluka fumbi lotuwa, lofunda. Anagwira dzanja la a Gideon n'kuliika m'dzenjemo.

"Chinyontho ichi n'chokwanira kudzutsa mbewu, koma si chokwanira kuilera. Ikamera, mizu idzapeza phulusa. Dikirani mvula yoti mukakumba, chinyontho chifike poyambira dzanja apa, povala wotchi. Pamenepo bzalani."

"Koma ndi yodalitsidwa," anatero a Gideon, mawu awo atatsika. "Bambo anga sanaisungepo m'nyumba."

Apa mayi Justina analimba mtima.

"Atate a Purity, Purity anabatizidwa ali ndi miyezi itatu. Kodi tinamutuma kukatunga madzi m'mawa mwake, poopa kuti dalitso lingasuluke? Tinadikira kuti miyendo ilimbe. Debe ili likapsa, mbewu ya apongozi anga yathera pomwepa. Kulibe sitolo imene tingakaigule."

A Paskale anayang'ana kumbali kubisa kumwetulira. A Gideon anayang'ana fumbi limene linali m'dzanja lawo. Pomaliza anatapa mbewu m'mbale ziwiri.

"Iyi ndibzala lero, monga ankachitira bambo. Yotsalayo, amake Purity, kaisungeni."

"Ndipo kumtunda kuja muikeko mapira," anawonjezera a Paskale. "Amapirira ludzu kuposa chimanga."

Mbewu ya m'mbale ziwiri ija inamera patapita masiku asanu, yobiriwira mokondweretsa. A Gideon ankadutsa pamenepo akuimba nyimbo ya kwaya mokweza, kuti akazi awo amve. Koma kumwamba kunayera mbee. Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Timasamba tinapotana ngati fodya, kenaka tinagwa. Mayi Justina anawaona amuna awo ataima pa mizere yopsayo, chipewa chili m'manja, ndipo anadziwa kuti akulira bambo awo.

Mvula yeniyeni inabwera kumayambiriro kwa Disembala, n'kugwa masiku awiri. A Gideon anapita okha ndi khasu, anakumba, analowetsa dzanja. Chinyontho chinapitirira povala wotchi.

"Amake Purity! Tulutsani debe lija!"

Chaka chimenecho mvula inasiyanso msanga, ndipo zokolola sizinali zochuluka. Mabanja amene anabzala zonse pa mvula yoyamba anabzalanso kachiwiri ndi mbewu yopempha, ena anasiyiratu. Koma kwa a Sakala nkhokwe imodzi inafika pakati, mapira anathandizira, ndipo mayi Justina anasankha chimanga chabwino koposa n'kudzaza madebe atatu a mbewu. Limodzi anagawira anansi. Pa gombe paja a Gideon anabzala timitengo ta msikizi khumi, n'kutitchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi.

Novembala wotsatira, pa tsiku lodalitsa mbewu, a Gideon anapempha kuti alankhule. Anaimirira patsogolo, debe lili pa mapazi awo.

"Abale, ine sindinasinthe chikhulupiriro. Ndikunenabe kuti dziko lino tinapatsidwa ndi Mulungu, ndipo lina lotere sitinalione. Koma ndinkaganiza kuti popeza ndi lake, ife sitingaliwononge. Ndinalakwa. Dziwe la pa Lupande tinaliphwetsa ndi nkhwangwa zathu. Mvula sikubweranso monga inkabwerera masiku a makolo athu, ndipo kukana zimenezi sikudzaza nkhokwe. Choncho musadule mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Musathire mbewu yonse pa mvula yoyamba. Kumbani kaye, muike dzanja. Dalitso silisuluka chifukwa chodikira."

Kumbuyo, pa benchi ya amayi, mayi Justina anaweramitsa mutu. Mayi wina anawakodola n'kunong'oneza kuti, "Amuna anu ali ndi nzeru." Iwo anangovomera ndi mutu.

Chinthu chimene uli nacho chimodzi chokha, kaya ndi debe la mbewu, kaya ndi dziko lokhalamo, umachigwira ndi manja awiri.